Kunyamula mankhwala a peptide m'timatumba ta mafuta: zoyenera ndi zosayenera

Mu Januwale 1922, mumzinda wa Toronto ku Canada, mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anabayidwa insulin. Anali munthu woyamba kuthandizidwa ndi mankhwalawa, pa nthawi yomwe matenda a shuga ankapha ana pakangopita miyezi. Papita zaka zoposa 100, koma wodwala amene thupi lake likufuna insulin akudzibayabe pamimba kapena pantchafu tsiku ndi tsiku. Sikuti akatswiri anagona. Chovuta n'chakuti insulin ndi peptide, unyolo wa timagawo totchedwa ma amino acid, timagawo tomwe timapanganso nyama, mazira ndi nyemba. Mu insulin mulimo 51. Mukaimeza, chifu sichiisiyanitsa ndi chakudya, chimangoigaya monga chimagayira usipa.

Mwa njira zomwe zayesedwa kuti peptide idutse m'mimba osagayidwa, kapena kuti ikhalitse m'thupi ikabayidwa, yotchuka kwambiri ndi kuibisa m'mafuta. Mafutawo amawaumba kukhala tinthu tating'onoting'ono, kawirikawiri ta ma nanomita 50 mpaka 200. Milimita imodzi ili ndi ma nanomita 1,000,000, ndipo selo imodzi yofiira ya magazi imaposa ma nanomita 7,000. Tinthuti tilipo mitundumitundu. Pali ma liposome, timatumba ta mafuta tokhala ndi madzi m'kati, tomwe Alec Bangham anatifotokoza koyamba ku Babraham, kufupi ndi Cambridge, m'zaka za m'ma 1960. Pali timibulu ta mafuta olimba totchedwa SLN, tomwe Rainer Müller wa ku Germany ndi Maria Rosa Gasco wa ku Turin anayamba kupanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ndiye palinso SEDDS, msakanizo wa mafuta ndi mankhwala othandiza mafuta kusakanikirana ndi madzi, womwe ukangofika m'mimba umabalalika wokha kukhala timadontho.

Ntchito imeneyi ndimaiona kuti ndi yofunika, ndipo ndimailakalaka itapambana. Chomwe chimandidetsa nkhawa n'chakuti mawu akuti "nano" amatseketsa anthu pakamwa pomwe anayenera kufunsa. Zili m'munsizi ndalembera wophunzira zamankhwala, wofufuza amene akungoyamba kumene, namwino wa m'wodi, ndi aliyense amene wagwirapo botolo lolembedwa mawu amenewa. Mafuta onyamula mankhwala ndi mbali ya mankhwalawo, ndipo ubwino wake umaonekera pa zomwe zafika m'magazi a munthu.

CHOYENERA: Yambani mwaidziwa peptide yanu musanaisankhire chotengera.

Ndi yaitali bwanji? Imasungunuka m'madzi kapena m'mafuta? Ndi yowongoka, kapena nsonga zake zinalumikizana n'kukhala yozungulira? Funso lomwe ambiri amalisiya kumapeto liyenera kukhala loyamba: ikachepa pang'ono m'magazi, kapena ikachuluka pang'ono, wodwala zimuthera bwanji? Pali ma peptide oti mlingo ukaphonyeka pang'ono palibe chachikulu chochitika. Insulin siili m'gulu limenelo. Ikalowa yambiri lero kuposa dzulo, shuga amatsika mpaka munthu kukomoka.

CHOSAYENERA: Musatenge cyclosporine ngati umboni woti peptide iliyonse ingamwedwe ikangoikidwa m'mafuta.

Dzina limeneli simungalephere kulimva pankhaniyi, ndipo m'pomveka. Cyclosporine inachokera ku nkhungu ya m'dothi lomwe wantchito wa kampani ya Sandoz ya ku Basel anatapa ku Hardangervidda, m'dziko la Norway, mu 1969. Roy Calne anaipereka kwa odwala oikidwa impso za anthu ena ku Cambridge mu 1978, ndipo mu 1983 inaloledwa ku America m'dzina la Sandimmune. Imafooketsa chitetezo cha m'thupi kuti thupi lisakane chiwalo chachilendocho. Ndi peptide ndithu, ndipo imamwedwa pakamwa itasungunulidwa m'mafuta.

Koma taonani mapangidwe ake. Ili ndi ma amino acid 11 okha. Ndi yozungulira, choncho ma enzyme amene amayamba kudula unyolo kunsonga amasowa poyambira. Mwa timagawo 11 timeneti, 7 tili ndi kachidutswa ka methyl kotseka malo amene ma enzyme ena akanagwira. M'madzi siisungunuka kwenikweni, m'mafuta ndiye kwawo. Insulin ndi yolemera pafupifupi kasanu, imakonda madzi, ndipo ili ndi malo ambirimbiri odulika. Mafuta anathandiza cyclosporine kusungunuka, lomwe linali vuto lake lalikulu. Vuto la insulin ndi lina: kupulumuka ndi kuwoloka.

CHOYENERA: Itsatireni peptide ulendo wonse, kuyambira pakhosi mpaka m'magazi.

M'chifu muli asidi waukali pamodzi ndi enzyme yotchedwa pepsin. Ikapulumuka pamenepo, m'matumbo aang'ono imakumana ndi trypsin ndi chymotrypsin ochokera ku kapamba. Kenako pali ntchofu yonanda yokuta khoma la matumbo, yomwe imakola tinthu n'kutikokolola. Kuseri kwake kuli maselo omatana kwambiri moti chinthu chachikulu chokonda madzi chimasowa polowera. Chomwe chawoloka chimadzera kuchiwindi chisanafalikire thupi lonse. Chopinga chilichonse chimafuna kuyesedwa pachokha. Kathumba kopambana pa asidi kangathe kukakamira mu ntchofu, makamaka ngati kali ndi chaji ya positive, chifukwa ntchofuyo ndi ya negative ndipo ziwirizi zimagwirana.

CHOSAYENERA: Musaiwale kuti thupi limagayanso mafuta.

Apa m'pomwe kafukufuku wambiri amagwera. Matumbo analengedwa kuti aziswa mafuta, ndipo ali ndi ndulu ndi lipase zogwirira ntchitoyo. Liposome wamba akakumana ndi ndulu amabooka n'kutaya katundu wake pamalo pomwe trypsin ndi wochuluka. N'chifukwa chake ofufuza amathiramo cholesterol kapena mafuta olimba kuti khoma la kathumba lisamasuke msanga, ena amalowetsamo kale mchere wa ndulu, ena amaika zonse m'kapisozi wosasungunuka m'chifu.

Timadontho ta SEDDS tili ndi vuto lina. Peptide yokonda madzi siifuna kukhala m'mafuta, imathawira kunja. Gulu la Andreas Bernkop-Schnürch ku yunivesite ya Innsbruck, ku Austria, lagwira ntchito yaikulu pa njira yoiphatikiza ndi kamolekyu kokonda mafuta ka chaji yosiyana nayo, monga docusate, kuti ziwirizo zikagwirana zikhazikike m'dontho. Nzeru yake ndi yabwino. Komabe m'matumbo muli michere yambiri yomwe ingalekanitse ziwirizo, ndiye amene wapanga zoterezi aziyese m'madzi ofanana ndi a m'matumbo, okhala ndi ndulu ndi lipase yemwe, osati m'madzi oyera a mu labotale. Ndipo ngakhale peptide itatetezeka bwino chotani, ikatsala m'kathumba mpaka kutuluka ndi chimbudzi, wodwala sanalandire kanthu.

CHOYENERA: Funsani kuti mwa zomwe zamezedwa, zafika m'magazi a munthu ndi zingati, ndipo kodi zimafika chimodzimodzi tsiku lililonse.

Manambala a mankhwala omwe analoledwa kale amatithandiza kuona pomwe tili. Rybelsus, piritsi la semaglutide la odwala shuga, linaloledwa ku America mu 2019. Silimagwiritsa ntchito timatumba ta mafuta, limadalira mankhwala othandiza kuwoloka otchedwa SNAC. Zolowa m'magazi ndi pafupifupi gawo limodzi pa 100. Wodwala amene akumwa 14 mg tsiku lililonse amameza 98 mg pa sabata, pomwe wobaya amalandira 0.5 mg kapena 1 mg pa sabata yomweyo. Kamwedwe kakenso kali ndi malamulo: m'mawa m'mimba mulibe kanthu, ndi madzi osaposa 120 mL, kenako kudikira mphindi 30 asanamwe tiyi, asanadye phala, asanamwe mapiritsi ena. Piritsili likuthekabe chifukwa semaglutide imakhala m'magazi pafupifupi sabata, choncho tsiku lomwe yalowa yochepa limakwiririka ndi masiku ena.

Mycapssa, kapisozi wa octreotide, peptide ya ma amino acid 8 yothandiza odwala acromegaly, analoledwa mu 2020. M'kati mwake muli mafuta ndi sodium caprylate, yemwe amamasula kwa kanthawi kochepa pomwe maselo a matumbo amatana. Kapisozi wa 20 mg amapereka zofanana ndi jakisoni wa 0.1 mg, kusiyana ka 200. Akamwedwa ndi chakudya, pafupifupi magawo 90 pa 100 a zochepa zomwezo amatayikanso. Amenewa ndi mankhwala opambana, odutsa m'mayeso onse. Munthu akakuuzani kuti timatumba take tafikitsa magawo 30 pa 100 a insulin m'magazi, funso loyamba likhale lakuti: m'magazi a ndani?

CHOSAYENERA: Musakhutire ndi zotsatira za makoswe ndi za m'mbale za mu labotale.

Khoswe alibe thumba la ndulu. Ndulu yake imangodontha pang'onopang'ono nthawi zonse, pomwe ya munthu imasungidwa n'kukhuthuka yambiri akadya. Kwa chotengera chomwe mdani wake ndi ndulu, kusiyana kumeneku si kwamasewera. Chifu cha khoswe chilibenso asidi waukali ngati cha munthu. M'mayeso ena mankhwala amathiridwa mwachindunji m'matumbo a nyama yogonetsedwa, chifu n'kuchilambalala, ndipo madzi amene amaperekedwa ndi ochuluka kwambiri poyerekeza ndi kathupi kake. Maselo a Caco-2, omwe amabzalidwa m'mbale kuti aimire khoma la matumbo, sapanga ntchofu yokwanira ngati ya munthu wamoyo. Zonsezi ndi zida zabwino zoyambira, ndipo palibe angazipewe. Cholakwika ndi kulengeza chipambano ulendo usanafike pa munthu. Onaninso ngati wofufuzayo anayeza peptide yeniyeniyo m'magazi, kapena anangoona shuga akutsika pa nyama yomwe inagona ndi njala.

CHOYENERA: Tsimikizani kuti peptide idakali ndi mphamvu mukamaliza kuipanga.

Timibulu ta SLN kawirikawiri timapangidwa potenthetsa mafuta mpaka asungunuke n'kuwakankha mwamphamvu pakabowo kakang'ono. Njira zina zimagwiritsa ntchito mankhwala osungunulira ndi makina ogwedeza ndi mafunde a phokoso. Kutentha, kugwedeza ndi kukhala pamalire a madzi ndi mafuta zimapindula mapangidwe a peptide, ndipo insulin imadziwika kuti ikazunzika chonchi imaundana kukhala timaulusi topanda ntchito. Makina oyezera angakuuzeni kuti peptide ilimo, koma osakuuzani ngati ikugwirabe ntchito.

CHOSAYENERA: Musasokoneze manambala awiri.

Wina akati magawo 90 pa 100 a peptide alowa m'timatumba, zimamveka zazikulu. Koma nambala imeneyi ikungonena za peptide yomwe anathira. Ngati anathira 1 mg m'mafuta olemera 100 mg, chotengeracho chanyamula zosakwana gawo limodzi pa 100 la kulemera kwake. Nambala yachiwiriyi ndi imene imanena kuti wodwala adzameza makapisozi angati.

CHOYENERA: Onani chotengera ngati mbali ya mankhwala, ndipo lembani dzina lonse.

Sandimmune wakale uja ankadalira ndulu ya wodwala kuti mafuta ake abalalike. Zotsatira zake zinali zosadalirika: mwa ena oikidwa chiwindi zolowa m'magazi zinali zosakwana magawo 10 pa 100, mwa ena oikidwa impso zinkafika 89. Mu 1995 ku America kunaloledwa Neoral, cyclosporine yemweyo m'msakanizo watsopano. Wakaleyo mukamuthira m'madzi amachita mbuu, pomwe watsopanoyo amabalalika kukhala timadontho tating'ono kwambiri moti madzi amatsala pang'ono kuonekera mbali ina. Amalowa bwino, ndipo sadalira kwambiri ndulu kapena chakudya. Mankhwala ndi amodzi, koma mapepala a opanga amachenjeza kuti ziwirizi sizisinthanitsidwa popanda dokotala kuyeza magazi. Cyclosporine akachepa, thupi limakana impso yomwe munthu wapatsidwa. Akachuluka, amawononga impso yomweyo.

CHOSAYENERA: Musasinthanitse mtundu wa liposome ndi mtundu wamba chifukwa choti dzina likufanana.

Chitsanzo chomwe chili pafupi nafe si cha peptide, koma phunziro lake ndi lomweli. Amphotericin B ndi mankhwala a matenda oumitsa khosi oyamba ndi fangasi wa cryptococcus, omwe apha anthu ambiri okhala ndi HIV. Mtundu wakale umawononga impso ndi kuchepetsa magazi. Kafukufuku wa AMBITION, yemwe anachitika ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, kuphatikizapo zipatala za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, anali ndi odwala 844. Anayesa diripi imodzi yokha ya mtundu wa liposome, AmBisome, pa mlingo wa 10 mg pa kilogalamu, pamodzi ndi mapiritsi a flucytosine ndi fluconazole kwa masiku 14. Zotsatira zinatuluka mu 2022: pofika masabata 10, omwalira anali 24.8 peresenti poyerekeza ndi 28.7 peresenti mwa olandira chithandizo chakale, ndipo zovuta za mankhwala zinachepa. Chaka chomwecho bungwe la WHO linavomereza njirayi.

Imani pambali pa namwino amene akuikonza. Kabotolo kamodzi kali ndi ufa wachikasu wa 50 mg. Amathiramo 12 mL ya madzi oyera obayira, n'kukagwedeza mwamphamvu masekondi osachepera 30 mpaka zibuluma zonse zitatha. Amakoka ndi sirinji, amalumikiza kasefa ka ma micron 5, n'kukankhira m'thumba la diripi ya dextrose. Madzi a mchere sakhudzako, chifukwa amaundanitsa mankhwalawa, ndipo ngati paipi inadutsa saline amayamba waitsuka ndi dextrose. Wodwala wa makilogalamu 60 amafuna 600 mg, timabotolo 12, kalikonse kudutsa m'njira yomweyi. Tsono amphotericin wakale nayenso amabwera ngati ufa wachikasu, 50 mg pa kabotolo, koma mlingo wake suyenera kupitirira 1.5 mg pa kilogalamu pa tsiku. Kumupereka pa mlingo wa mnzake wa liposome kumaimitsa mtima. Papepala, pashelefu ndi pakamwa pomwe, dzina litchulidwe lonse.

CHOYENERA: Gwiritsani ntchito chizolowezi cha thupi m'malo molimbana nacho.

Si peptide iliyonse yofunika kumwedwa. Mafuta amathandizanso pa jakisoni. Liposome akalowa m'magazi, mapuloteni amamukuta ndipo maselo a chitetezo otchedwa ma macrophage amamumeza, makamaka m'chiwindi. Kwa mankhwala ambiri uku n'kutaya. Koma mifamurtide, yemwe analoledwa ku Ulaya mu 2009 pa khansa ya m'mafupa ya osteosarcoma mwa ana ndi achinyamata, amafuna zomwezo. Ndi kapeptide kakang'ono kotsanzira khoma la bakiteriya, kolumikizidwa ku mafuta n'kuikidwa mu liposome, ndipo ntchito yake ndi kudzutsa ma macrophage amene akameza. Chotengera chimapita komwe chimapita kale, ndipo komweko n'komwe mankhwala akufunika.

Kampani ya Camurus ya ku Lund, m'dziko la Sweden, inatenga njira ina: mafuta amadzimadzi amene akabayidwa pansi pa khungu amamwa madzi a m'thupi n'kulimba, kenako n'kumatulutsa mankhwala pang'onopang'ono. Njirayi aigwiritsa ntchito pa octreotide wobaya kamodzi pamwezi.

Ndipo nthawi zina mafuta safunika kuzinga peptide, amangofunika kulumikizidwa kwa iyo. Homoni ya GLP-1 yachilengedwe imatha m'magazi pa mphindi ziwiri zokha. Semaglutide ndi msuweni wake wosinthidwa timagawo tingapo n'kumangiriridwa mchira wa mafuta wa ma carbon 18, womwe umagwira puloteni ya albumin m'magazi. Mphindi ziwiri zinasanduka sabata. Ine ndikuona kuti mpaka pano iyi ndiyo ntchito yaikulu kwambiri imene mafuta agwira pa mankhwala a peptide, ndipo wofufuza aliyense aziyamba wadzifunsa ngati vuto lake silingathe mwa njira yachiduleyi.

CHOSAYENERA: Musaganize kuti chotengera chabwino chingapulumutse mankhwala ofooka, kapena kuti chilibe zovuta zake.

Tecemotide anali peptide yoikidwa mu liposome kuti iphunzitse chitetezo cha m'thupi kulimbana ndi khansa ya m'mapapo. Anayesedwa pa odwala oposa 1,500 m'kafukufuku wa START ndipo sanatalikitse moyo monga ankayembekezera. Mu 2014 ntchitoyo inaimitsidwa. Kathumba kanafikitsa uthenga, koma uthengawo sunakwanire.

Pofuna kuti ma liposome asamezedwe msanga, amawaveka mankhwala otchedwa PEG. Umu ndi mmene Doxil, yemwe analoledwa mu 1995 pa khansa ya Kaposi mwa odwala Edzi, amakhalitsira m'magazi. Koma matupi a anthu ena amapanga asilikali olimbana ndi PEG, moti mlingo wachiwiri ungathe kuchotsedwa msanga kuposa woyamba. Ena, diripi ikangoyamba, amamva kutentha kumaso, kubanika ndi kuwawa kwa msana. N'chifukwa chake diripi yotere imayambidwa pang'onopang'ono namwino ali pomwepo. Kwa peptide yoperekedwa moyo wonse, zotsatira za mlingo umodzi sizikwanira. Pafunika kuona wakhumi ndi wa 100 womwe.

CHOYENERA: Werengerani mtengo wa zomwe zikutayika.

Kampani ya Novo Nordisk inapanga piritsi la insulin lotchedwa I338, lokhala ndi sodium caprate, mchere wa mafuta a ma carbon 10. Zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2019 zinaonetsa kuti pa odwala shuga wa mtundu wachiwiri linkatsitsa shuga mofanana ndi jakisoni wa insulin glargine. Linagwira ntchito, koma analisiya, chifukwa insulin yofunika m'piritsi limodzi inali yochuluka kwambiri moti kuipanga yokwanira anthu onse sikukanatheka pa mtengo woyenera. Mu Januwale 2023 kapisozi wa insulin wa kampani ya Oramed nayenso analephera pa mayeso akuluakulu omaliza. Maloto a insulin yakumwa ali ndi chifukwa chomveka kuposa kuopa singano: yomezedwa imayamba yafika kuchiwindi monga imachitira ya m'kapamba. Koma m'mayiko momwe kabotolo kamodzi ka insulin kamasowa kale, mankhwala otaya magawo 98 kapena 99 pa 100 sangafike kwa wodwala wa kumudzi. Wofufuza amene akuganizira odwala athu aike nkhani ya mtengo patsamba loyamba.

CHOSAYENERA: Musagule mawu, ndipo musasiye jakisoni chifukwa cha botolo la pa Facebook.

Glutathione ndi peptide ya ma amino acid 3. Masiku ano akugulitsidwa pa intaneti ndi m'mashopu a zodzoladzola, botolo litalembedwa "liposomal", ati ayeretsa khungu. Zinthu zogulitsidwa ngati zowonjezera pa chakudya sizidutsa m'mayeso amene mankhwala amadutsamo, choncho palibe wakutsimikizirani kuti m'botolomo muli ma liposome, kuti ndi aakulu bwanji, kapena kuti adakali athunthu atakhala miyezi padzuwa. Kusakaniza ufa ndi lecithin wa soya si kupanga chotengera. Funsani ngati chinthucho chinalembetsedwa ku PMRA ku Malawi, ku ZAMRA ku Zambia, ku MCAZ ku Zimbabwe kapena ku SAHPRA ku South Africa.

Choopsa kwambiri ndi wogulitsa amene angauze wodwala shuga kuti wapeza insulin yakumwa. Mabungwe a FDA ku America ndi EMA ku Ulaya sanalolepo piritsi kapena kapisozi wa insulin. Mwana wa shuga wa mtundu woyamba akasiya jakisoni, asidi amachuluka m'magazi pakangopita tsiku limodzi kapena awiri, ndipo angathe kumwalira.

CHOYENERA: Yesani chotengera pa kutentha kwa komwe chikupita.

Mafuta amasasa. Mpweya umawononga mafuta ofewa, madzi amadula ma phospholipid pang'onopang'ono, timatumba timaphatikizana n'kukula. Timibulu ta SLN tili ndi khalidwe lakelake: tikangopangidwa mafuta ake amakhala osalongosoka, okhala ndi mipata momwe mankhwala amabisala, koma pakapita masabata amadzikonza n'kupanikizana, mankhwala aja n'kufinyidwira kunja. Pofuna kuthana ndi zimenezi anayamba kusakaniza mafuta olimba ndi amadzimadzi, mtundu wotchedwa NLC. Ena amaumitsa timatumba kukhala ufa atathiramo shuga wa trehalose kapena sucrose kuti tisasweke. Palinso nkhani ya kusefa: mankhwala obaya osapirira moto amachotsedwa majeremusi podutsa pasefa ya ma nanomita 220, ndiye tinthu tokulirapo sitingadutse. Kwa mayiko otentha ndi achinyezi, muyezo woyesera mankhwala osungidwa kunja kwa firiji ndi madigiri 30 ndi chinyezi cha 75 peresenti, kwa miyezi yambiri. Amene akuti chotengera chake chidzathandiza ku Nsanje kapena ku Tete aonetse manambala amenewo.

CHOSAYENERA: Musaumitse m'firiji chomwe sanalembe kuti chiume.

Katemera wa COVID-19 wa Pfizer ndi BioNTech, yemwe mRNA yake inanyamulidwa m'timibulu ta mafuta a mitundu inayi, poyamba ankasungidwa pa madigiri pafupifupi 70 pansi pa ziro, ndipo anthu ena anatengapo maganizo oti kuzizira kwambiri n'kwabwino pa chilichonse chamtunduwu. Katemerayo anapangidwira zimenezo, ali ndi sucrose womuteteza. Ambiri sali choncho: madzi akaundana m'kati ndi kunja kwa kathumba amang'amba khoma lake, ndipo peptide yomwe imawonongeka ndi kuuma. Katemera wa malungo wa RTS,S, yemwe Malawi inali dziko loyamba kuyamba kumupereka kwa ana pa 23 Epulo 2019, amabwera m'timabotolo tiwiri tomangiriridwa pamodzi, kena ka ufa, kena ka madzi okhala ndi ma liposome a AS01 odzutsa chitetezo. Malo ake ndi pakati pa madigiri 2 ndi 8. Asakhudze khoma lozizira la firiji kapena mapaketi a ayezi ongotuluka kumene m'chipinda choumitsira, ndipo akasakanizidwa, wotsala pakatha maola 6 atayidwe.